Kasankhidwe ka dziko losewereramo D&D ndi magemu ena a patebulo, osatha mwezi mukungowerenga

Mwapeza anthu anayi kapena asanu oti muzisewera nawo Dungeons and Dragons, gemu ya patebulo yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa mu nkhani, madayisi alipo olo akhale a pa foni palibe vuto, wina wavomera kukhala DM (Dungeon Master, woyendetsa nkhani), nde funso lomwe limabwera pompo ndi loti kodi nkhani yathuyi izichitikira kuti. Apa ndi pomwe magulu ambiri amatitimira. Wina wasewera gemu ya pa kompyuta ya Baldur's Gate 3 akufuna dziko la Forgotten Realms basi, wina waona zithunzi za Dark Sun akuti tiyeni ku chipululu, DM naye wadzadza foni ndi ma PDF koma palibe olo imodzi yomwe wafika nayo pakati, masabata akungopita gemu osayamba. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kwa omwe mwangoyamba kumene, setting ndi dziko lopeka lomwe gemu ikuchitikiramo, mapu ake, mafumu ake, milungu yake, mbiri yake komanso zomwe matsenga angathe ndi zomwe sangathe kumeneko. Malamulo a gemu amangokuuzani kuti ponyani d20, dayisi ya mbali 20, tione ngati lupanga lamupeza, koma setting ndi yomwe imakuuzani kuti mukumutemayo ndi mwana wa ndani ndipo akafa adzabwere kudzakufunsani ndi ndani.

Musatsegule buku kaye

Yambani ndi anthu anuwo. Afunseni kuti pa maola atatu a Loweruka masana akufuna akhale akutani kwenikweni, kumenyana ndi zilombo, kufufuza yemwe wapha munthu, kunyengerera mafumu ndi kupanga madilu, kapena kungoyenda malo osadziwika n'kumaona zachilendo. Musawapatse mwayi woti anene kuti zonse, aliyense asankhe chimodzi. Kenako afunseni kuti character wawo, munthu yemwe akumusewera mu nkhaniyo, atafa pa seshoni yachitatu angaseke n'kupanga wina kapena angakwiye n'kutuluka pa gulu la WhatsApp, funso limeneli lokha limachotsa theka la ma setting pa mndandanda. Funso lachitatu ndi loti kodi muwerenga zomwe ndikutumizireni, onse ayankha kuti eya, akunama kkkk, werengerani kuti munthu mmodzi yekha ndi amene awerenge ndipo ameneyo ndi amene azidzakutsutsani patebulo.

Mayeso a chitsime

Anthu amakonda kuyerekeza ma setting poona kukula kwa mapu, kuchuluka kwa mabuku kapena kukongola kwa zithunzi, koma zimenezo sizikuuzani zomwe zidzachitike mukakhala pansi. Chomwe chimathandiza ndi kutenga vuto limodzi laling'ono, lomwelomwelo, n'kulilowetsa mu dziko lililonse lomwe mukuliganizira muone kuti likubala nkhani yanji. Ine ndimagwiritsa la chitsime. Chitsime cha pamudzi chauma mwadzidzidzi, anthu abwera kwa ma character anu kuti athandizeni. Basi. Dziko lomwe lakupatsani seshoni yathunthu m'mutu tiyi asanazizire, limenelo ndi lomwe inuyo mungathe kuliyendetsa.

Tiyambe ndi Forgotten Realms poti ndi komwe ambiri amafikira. Ed Greenwood wa ku Canada anayamba kulipeka ali mwana m'ma 1960, kampani ya TSR, yomwe inali eni gemuyi nthawi imeneyo, inalitulutsa mu bokosi mu 1987, ndipo chiyambire malamulo a 5th edition mu 2014 ma adventure ambiri, nkhani zolembedwa kale zoti musewere, amachitikira komweko makamaka ku Sword Coast komwe kuli Waterdeep, Neverwinter ndi Baldur's Gate. Kuno chitsime kuuma si nkhani yoti munthu n'kufa nayo, cleric (wansembe) wa levulo 1 ali ndi spell, kapena kuti tsenga, ya Create or Destroy Water yomwe imatulutsa magaloni 10, pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20 zija, nde ludzu la tsikulo latha musanaponye n'dayisi yomwe. Nkhani imasanduka yoti wachita zimenezi ndani, ndipo oganiziridwa ndi mbwee, mwina a gulu la zigawenga la Zhentarim akufuna anthu asamuke iwo alande malo, mwina Red Wizard wa ku Thay akukumba zake pansi, mwina madzi atsikira ku Underdark, dziko la mapanga la pansi pa nthaka, ndipo kuti muwalondole mulowe nokha. Milungu kuno iliko ndithu, imayankha mapemphero, ndipo munthu akafa pali spell yomudzutsa ya Raise Dead bola pasanathe masiku 10 komanso mupeze dayamondi ya ndalama zagolide 500.

Ubwino wake ndi woti character aliyense yemwe munthu angabwere naye ali ndi kwawo pa mapu, simukanganapo. Kuipa kwake ndi mbiri, yachuluka zedi, zaka zoposa 30 za mabuku ndi magemu a pa kompyuta, moti DM watsopano amakhala ngati wafika pa maliro a kumudzi kwa eni, aliyense akudziwa chibale cha mnzake kupatula iyeyo. Ndiye pamakhalanso wina wofunsa kuti ngati dziko lili pa ngozi chonchi bwanji osangoitana Elminster, wamatsenga wamphamvu wa kumeneko, adzathane nazo. Mankhwala ake ndi kukhala pa malo aang'ono. Lost Mine of Phandelver, ya mu Starter Set ya 2014, imangozungulira pa katauni ka Phandalin kuyambira levulo 1 mpaka 5 ndipo simufunika kudziwa olo dzina la mfumu imodzi ya kutali.

Greyhawk ndi dziko la Gary Gygax mwini wake, mmodzi mwa awiri omwe anatulutsa D&D mu 1974, mnzakeyo ndi Dave Arneson. Maina a Mordenkainen, Bigby ndi Tenser omwe mumawaona pa ma spell aja ndi ma character a patebulo la Gygax. Kuno yankho la chitsime ndi lachidule, pansi pake pali mabwinja a anthu akale, muli misampha ndi golide, tengani chingwe ndi miuni mutsike, mubwereko atatu mwa asanu. Kabuku koyamba ka 1980 kanali ka masamba 32 okha ndi mapu, dziko lililonse ndime zingapo basi, zotsalazo mudzaze nokha. Ngati ndinu DM wokonda kupeka zanu koma ulesi wojambula mapu, apa mwafika, ndipo Dungeon Master's Guide ya 2024 ili ndi chaputala cha Greyhawk nde simugulanso buku lina. Koma ngati anthu anu akufuna zachilendo zowadzidzimutsa aona ngati ndi Forgotten Realms yopanda magetsi.

Eberron ndiye ndichedwapo pang'ono chifukwa kwa ine ndi dziko lomwe limam'gwirira ntchito DM kuposa ena onse a D&D. Mu 2002 a Wizards of the Coast, kampani yomwe ndi eni gemuyi pano, anapangitsa mpikisano wofuna setting yatsopano, kunabwera maganizo opitirira 11,000, anapambana Keith Baker, buku n'kutuluka mu 2004, ndipo la 5th edition ndi Rising from the Last War la 2019. Funso lomwe dzikoli laimapo ndi loti ngati matsenga amagwira ntchito nthawi zonse mofanana, bwanji anthu osawasandutsa bizinesi. Nde kuli sitima ya pamtunda yotchedwa lightning rail, zombo zouluka zoyendera ma elemental omangidwa, mabanki, manyuzipepala, ndipo zonsezi zili m'manja mwa mabanja akuluakulu otchedwa dragonmarked houses. House Jorasco ndi achipatala koma amachiza wolipira yekha, House Orien ndi eni njanji, House Kundarak amasunga ndalama, House Cannith ndi opanga zinthu ndipo ndi omwe anapanga ma warforged, asilikali a chitsulo ndi mtengo omwe amaganiza ngati anthu.

Tsono gemu imayamba patangotha zaka ziwiri chithere nkhondo yomwe inatenga pafupifupi zaka 100. Palibe anapambana. Dziko limodzi lathunthu, Cyre, linafafanizika tsiku limodzi pa ngozi yotchedwa Mourning ndipo mabuku sanena dala chomwe chinachititsa, anasiyira DM. Ma warforged anapatsidwa ufulu pa pangano la Thronehold koma palibe akudziwa kuti chida chomwe chapatsidwa ufulu chizitani ndi moyo wake. Lowetsani chitsime chathu chija apa muone. House Lyrandar ili ndi anthu otha kuitana mvula, pa mtengo, ndipo mudzi woyandikana unalipira pomwe wathu unakana. M'mudzimo mwafika othawa kwawo a ku Cyre ndipo eni mudzi ayamba kale kuwaloza zala. Yemwe anakumba chitsimecho ndi warforged yemwe pa nkhondo anali mbali ya adani. Mtolankhani wa Korranberg Chronicle wafika akufunsa mafunso. Simunatsegule buku la zilombo koma muli kale ndi maseshoni atatu. Chinanso, anthu a levulo yapamwamba ndi ochepa kwambiri ku Eberron nde funso la Elminster lija silibwera, komanso palibe angatsimikize kuti milungu iliko, anthu amangokhulupirira, wansembe atha kukhala wakatangale matsenga ake n'kumagwirabe ntchito. Amene akufuna dziko loti orc aliyense ndi woipa ungomupha osafunsa, kuno abowa.

Dark Sun ndi nkhani ina. Inatuluka mu 1991, olemba ake Timothy Brown ndi Troy Denning, zithunzi zake zambiri za Brom, zomwe zimakopa anthu zija. Dzikoli dzina lake Athas, linauma chifukwa cha matsenga, wizard akamaponya spell amayamwa moyo wa zomera, wosasamala wotchedwa defiler amasiya phulusa lokhalokha pomwe waima, wosamala wotchedwa preserver amatapa pang'ono, koma anthu wamba sasiyanitsa, akakugwira ndi matsenga wapita. Mizinda yochepa yomwe yatsala ikulamulidwa ndi ma sorcerer-king ndi akapitawo awo ma templar. Chitsulo n'chosowa moti zida ndi za mafupa ndi miyala, zimathyoka pakati pa ndewu, ndalama ndi zadothi, milungu kulibe, ma elf ndi amalonda othamanga m'chipululu osadalirika, ma halfling amadya anthu. Chitsime chikauma kuno si chinsinsi choti mufufuze mwaulemu ai, ndi masiku owerengeka mudzi wonse usanafe, ndipo madzi apafupi ali ndi eni ake okhala ndi mikondo, nde musankhe kuba, kupempha kwa templar yemwe afune ana khumi ngati akapolo, kapena kusamutsa mudzi wonse kudutsa mchenga.

Mu bokosi loyambalo ma character ankayambira pa levulo 3 ndipo aliyense ankapanga anayi nthawi imodzi, mudziwiretu kuti olemba ankayembekezera maliro angati. Vuto lenileni la Dark Sun kwa ife a 5th edition ndi malamulo. Mabuku ake akuluakulu ndi a AD&D 2nd edition ndi a 4th edition a 2010, nde ntchito yosintha ndi yanu, ndipo mukangoiwala kuletsa Create or Destroy Water ndi Goodberry, spell ya levulo 1 yopanga tizipatso 10 toti kamodzi kakhutitsa munthu tsiku lonse, dziko lonse la njala ndi ludzu lija latha ntchito pa seshoni yoyamba. Si setting ya DM woyamba kumene imeneyi, osanamizana.

Ravenloft inayamba ngati adventure imodzi mu 1983, ya Tracy ndi Laura Hickman, kenako inakula kukhala setting mu 1990. Ndi timaiko ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi nkhungu, kalikonse ndi ndende ya munthu mmodzi woipitsitsa yemwe amakalamulira koma sangatulukemo, ndipo nanunso simutuluka. Kotchuka ndi Barovia kwa Strahd von Zarovich, wopopa magazi. Chitsime kuno sichinaume chabe, usiku mumamveka mawu a mwana, anthu a m'mudzi akudziwa chifukwa chake koma palibe akuyankhula, ndipo mwini dziko wakutumizirani kalata yokuitanirani ku chakudya chamadzulo. Kwa DM wopanda nthawi iyi ndi yabwino heve chifukwa Curse of Strahd ya 2016 ndi buku limodzi, chigwa chimodzi, midzi itatu, mdani mmodzi yemwe amayamba kusewera nanu kuyambira pachiyambi, levulo 1 mpaka 10. Muli pena pomwe mayi wina amawombeza ndi makadi a Tarokka ndipo makadi omwe atulukewo ndi amene amasankha komwe zida zofunika zabisidwa, moti magulu awiri sasewera gemu yofanana, ndipo simufunika kugula makadi apadera, a juga wamba omwewa amagwira, bukulo limafotokoza. Koma zoopsa zimafuna tebulo lomvera. Pakakhala mmodzi woti chilichonse n'nthabwala, Strahd asanduka wa sewero la pa wailesi.

Planescape ya 1994, ya David "Zeb" Cook, ili ndi mzinda wa Sigil momwe khomo lililonse, windo kapena kamwa la mgolo litha kukhala njira yopita ku dziko lina bola ukhale ndi kiyi wake, yemwe atha kukhala nthenga, mawu kapena kanyimbo. Nde chitsime chathu ndi khomo, wina wadutsa ndi kiyi osadziwa madzi onse n'kuthira kwina. Mzindawu mwini wake ndi Lady of Pain, sayankhula, milungu sailola kulowa, ndipo magulu 15 a m'bokosi loyamba amalimbana pa nkhani yoti moyo tanthauzo lake n'chani. Ngati anzanu ndi aja okonda mtsutso mpaka usiku, apatseni iyi. Ngati ndi ongoyamba musayerekeze, munthu asanadziwe kuti goblin n'chani mukumuonetsa angelo ndi ziwanda zikumwa mowa pa bala imodzi.

Dragonlance ya 1984 sindichedwapo. Ndi nkhani ya nkhondo imodzi yaikulu, asilikali a mulungu woipa Takhisis ndi zinjoka zawo akubwera nde chitsime musiyeni thawani. Ndi yokoma kwa okonda ngwazi ndi misozi, koma nkhani yake yaikulu ili kale ndi eni ake m'manovelo, ma character anu amakhala ngati akuyenda m'mphepete. Spelljammer ndi zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, ndi ya nthabwala zambiri, bola kuisewera masabata ochepa popumulira campaign, nkhani yaitali ya maseshoni ambiri.

Kunja kwa D&D kulinso maiko

Golarion ndi dziko la Pathfinder, gemu ya kampani ya Paizo yomwe inatuluka mu 2009, 2nd edition mu 2019. Analimanga dala kuti dera lililonse likhale mtundu wake wa nkhani, Ustalav ndi zoopsa ngati Ravenloft, Cheliax boma lake linapangana ndi asatana, Numeria kunagwa chombo cha m'mlengalenga kuli maloboti, Osirion ndi ngati Egypt wakale. Nde mayeso a chitsime muwachite pa dera, osati pa dziko lonse. Dera lomwe ndikufuna muliyang'ane ndi Mwangi Expanse, lomwe buku lake linatuluka mu 2021. Ma setting akale akafuna kuika Africa ankangoika nkhalango yoti alendo akatengeko chuma, olo Chult ya ku Forgotten Realms mu Tomb of Annihilation ya 2017 anthu anaidandaula pa zomwezo. Mwangi ya 2021 analembera kuchokera kwa eni dera, muli mizinda yake, ndale zake, dziko la Vidrian lomwe langothamangitsa atsamunda, komanso Magaambya, sukulu ya matsenga yakale kwambiri mu mzinda wa Nantambu yomwe anayambitsa Old-Mage Jatembe. Ophunzira a pa sukuluyi amayembekezeka kutumikira anthu, nde chitsime chikauma aphunzitsi amangoti inu a chaka choyamba pitani mukaone, ndipo mukakhoza si chifukwa mwapha zingati koma ngati mudzi watsala pa mtendere. Strength of Thousands ndi campaign ya mabuku 6 yomwe mumayamba ngati ana asukulu pa levulo 1 n'kudzafika pokhala aphunzitsi. Ofuna zina za mtundu umenewu afufuze Nyambe ya Atlas Games ya 2002 ndi Spears of the Dawn ya Kevin Crawford.

Glorantha ya Greg Stafford, yomwe imaseweredwa ndi RuneQuest kuyambira 1978, anthu akunja amati ndi yovuta kuilowa koma ine ndimaona kuti kwa ife zambiri sizifuna kufotokozera. Character wako si mlendo wongoyendayenda ndi lupanga, ali ndi fuko, mfumu, abale, ng'ombe, ndipo mu edition ya 2018 umayamba ndi kuponya madayisi kuti udziwe zomwe zinachitikira agogo ako ndi makolo ako iwe usanabadwe. Aliyense ali ndi timatsenga take tochokera kwa mulungu yemwe amamutumikira. Chitsime chauma chifukwa mzimu wake wakwiya, wina anaphwanya mwambo, nde ntchito ndi kupeza kuti ndani, kupepesa moyenera, ndipo mwina wolakwayo ndi malume ako. Ukapha munthu abale ake amabwera kudzafuna chipukuta misozi cha ng'ombe ndipo amalipira ndi fuko lonse, ndewu nayo ndi yoopsa, dzanja limaduka ndi nkhwangwa imodzi, moti anthu amaganiza kawiri asanasolole lupanga. A Chaosium, kampani ya RuneQuest, ali ndi kabuku koyambira (quickstart) kaulere kokhala ndi adventure yotchedwa The Broken Tower, nkhani yake ndi kulondola ng'ombe zobedwa, madzulo amodzi mwaiyesa mwadziwa.

Warhammer Fantasy Roleplay ya 1986, yomwe 4th edition yake anatulutsa a Cubicle 7 mu 2018, ndi ya anthu oseka zowawa. Simuyamba ngati ngwazi, mutha kuyamba ngati wogwira makoswe wokhala ndi kagalu kakang'ono kolusa. Chitsime chathiridwa poizoni ndi ma Skaven, anthu a makoswe okhala pansi pa mizinda, koma akuluakulu a boma amakana zoti ma Skaven aliko, nde pomwe inu mukufufuza kwafika wosaka afiti yemwe wapeza kale mayi wokalamba woti amuwotche.

Zomwe muyenera kufunsa musanalowetse anthu

Pa mayi wokalambayo mpomwe ndikufuna tiime. Kwa wolemba wa ku England zimenezi ndi mbiri yakalekale, kwathu kuno nkhani zopha agogo powanamizira ufiti timazimvabe pa wailesi, ndipo mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Dark Sun yadzadza ndi ukapolo. Cheliax ndi Planescape muli asatana ndi ziwanda zotchulidwa maina, ndipo pa gulu lanu mwina pali wa kwaya yemwe gemu akuikonda koma pamenepo safuna kufikapo. Si zachilendo, ku America komwe m'ma 1980 makolo ndi matchalitchi anachita phokoso mpaka TSR inachotsa mawu oti demon ndi devil mu 2nd edition ya 1989 n'kuwapatsa maina ena. Nde funsani aliyense payekha ku inbox, osati pagulu pomwe munthu achite manyazi, kuti pali zomwe sakufuna zioneke patebulo. Akatchula chinthu chomwe ndi msana wa setting, ngati ukapolo ku Athas, sinthani setting, musalimbane ndi kuichotsa mafupa.

Malamulo ndi thumba

Dziko ndi malamulo zimayendera limodzi kuposa mmene anthu amaganizira. Warhammer ndi Glorantha zimakoma chifukwa munthu amafa msanga, mukazisamutsira ku 5th edition komwe character wa levulo 5 amagona usiku umodzi mabala onse n'kupola, kukoma konse kwapita. Nde ngati gulu lanu langophunzira kumene 5th edition ndipo silikufuna kuphunzira zina, mndandanda wanu weniweni ndi Forgotten Realms, Greyhawk, Eberron, Ravenloft, mwina Planescape ya 2023. Zinazo zidikire.

Za ndalama, buku limodzi lachikuto cholimba la D&D limakhala cha m'ma 50 dollars ya ku America musanawerengere zotumizira, nde musagule musanayese. Malamulo oyambira a D&D alipo aulere pa intaneti, a Pathfinder pafupifupi onse ali pa Archives of Nethys mwalamulo ndithu osalipira, Forgotten Realms ndi Golarion zili ndi ma wiki akuluakulu, ndipo mabuku akale a Dark Sun, Planescape ndi Greyhawk amagulitsidwa ngati ma PDF pa DriveThruRPG ndi DMs Guild motsikirapo. Dawunilodani pomwe mwapeza WiFi, ma PDF a zithunzi zambiriwa amadya bandulo moopsa. Ndipo agule ndi DM yekha, gulu lisonkhe, osewera safunika buku la setting.

Mukatsala ndi awiri

Nthawi zambiri mayeso a chitsime amakusiyirani maiko awiri. Musavote, chifukwa anthu amavotera chithunzi chomwe chawasangalatsa. Seweretsani seshoni imodzi imodzi, ma character opangiratu a levulo 3, vuto lomwelo la chitsime konse kuwiri, kenako muone kuti pa gulu la WhatsApp anthu akukambabe za iti Lachiwiri. Muonenso inuyo a DM kuti ndi iti yomwe munakonzekera mosavutika, chifukwa amene azisenza mtolowu sabata ndi sabata ndinu, ndipo campaign zambiri zimafa DM akatopa osati osewera akadandaula.

Mukasankha lembani tsamba limodzi lokha, loti munthu awerenge pa foni ali mu minibasi. Pamwamba ziganizo zisanu zonena zomwe aliyense wa m'dzikomo amadziwa, mwachitsanzo ku Eberron mungalembe kuti nkhondo yatha zaka ziwiri zapitazo, Cyre kulibenso, ma warforged ndi anthu mwalamulo koma ambiri sawafuna, chilichonse chamatsenga chili ndi banja lomwe limachigulitsa, palibe anaonapo mulungu. Pansi pake tauni imodzi yomwe muyambire, magulu atatu omwe akukanganirana tauniyo, mitundu ndi ma class (ntchito ngati cleric kapena wizard) omwe aloledwa, ma spell omwe mwaletsa ngati alipo, ndi funso limodzi loti aliyense ayankhe za character wake lomumangirira ku dzikolo, ngati loti pa nkhondo unali mbali iti ndipo unataya ndani. Mzere womaliza mulembe kuti zomwe zili m'mabuku ndi pa wiki ndi mphekesera chabe, zoona zake ndi zomwe zachitika patebulo pano, kuti uja wowerenga yekha uja akadzati koma buku likuti mfumu imeneyi inafa kale, mudzangomuuza kuti character wake anamva zolakwika ku bala, aponye dayisi ya luso la History tione.